Moto wa pa Phalula: Mbiri ya Nkhuni, Makala ndi Magetsi m'Chigwa cha Shire

Mawu Oyamba

Aliyense wa ife amene adayendapo pa msewu wochokera ku Blantyre kunka ku Balaka adziwa malo otchedwa Phalula. Munthu akaoloka Shire pa Zalewa ndi kulunjika kumpoto, dziko liyamba kutentha, milambe ioneka patalipatali, ndipo m'mphepete mwa msewu akumana ndi njinga zosenza matumba a makala. Akakweza maso aona nsanja zazitali zachitsulo zonyamula nthambo za magetsi, zonse zikulunjika pa Phombeya, pamene pali malo aakulu ogawira magetsi m'dziko muno. Chakum'mawa, pa Nkaya, padutsa sitima zonyamula malasha a ku Moatize kunka ku doko la Nacala. Motero mitundu itatu ya moto idutsa m'dera limodzi: wa makala, wa magetsi ndi wa malasha. Koma mayi wa m'mudzi wapafupi, dzuwa likapendeka, aikabe mphika wake pa mafuwa atatu, nasonkha nkhuni zimene wakazitola kutali.

Kodi zimenezi zidayamba bwanji? M'nkhani ino tifuna kulondola mbiri ya moto m'dera limeneli, limene kale lidali m'boma la Kasupe, pambuyo pake Machinga, kufikira chaka cha 1998 pamene Balaka adakhala boma paokha. Tifunanso kumva zimene anthu ophunzira adapeza m'kafukufuku wao pa zaka zoposa makumi anayi zapitazi. Nkhaniyi itikhudza, pakuti makhichini a maseminale ndi a maparishi athu adya nkhuni tsiku ndi tsiku, ndipo ootcha makala ndi ogula makala, onsewo ndi anthu amene tikhala nawo.

Nthawi ya Sitima za Nthunzi

Makolo athu sadali kugula nkhuni. Tchire lidali pafupi, anthu adali ochepa, ndipo mayi adali kutola nthambi zouma osagwetsa mtengo wamoyo. Malonda a nkhuni m'chigwa cha Shire adakula ndi kufika kwa sitima za pamadzi. M'chaka cha 1859 David Livingstone adakwera Shire ndi sitima yake Ma Robert, imene idatchuka chifukwa cha kudya nkhuni zambiri pa ulendo wochepa. Adaima pa mathithi amene iye adawatcha Murchison. M'chaka cha 1875 sitima ya Ilala idanyamulidwa pamutu zidutswazidutswa kulambalala mathithiwo, ndipo kuyambira pamene kampani ya African Lakes idakhazikika mu 1878, Matope adasanduka doko la sitima zopita ku nyanja. Sitima zonsezi zidali kuyendera nthunzi, ndipo nthunziyo idali kufuna nkhuni. M'mbali mwa mtsinje mudakhazikitsidwa malo amene anthu adali kuunjika mitengo yodulidwa kudikira sitima. Apa mpamene mtengo wa m'tchire udayamba kukhala ndi mtengo wa ndalama.

Kuyambira cha m'ma 1915 kufikira cha m'ma 1935 madzi a m'nyanja adatsika kwambiri, kotero kuti Shire adaleka kuyenda bwino kuchokera m'nyanjamo. Tiyenera kukumbukira chinthu chimenechi, chifukwa mtsinje umene udaphwa kamodzi ungathe kuphwanso. M'chaka cha 1935 njanji yochokera ku Blantyre idafika ku Salima kudzera pa Utale ndi Balaka, ndipo ulendo wa pamtsinje udatha mphamvu.

Boma la atsamunda lidaona kuti mitengo ikuchepa, nilikhazikitsa malamulo a nkhalango. Kuyambira mu 1926 midzi idalimbikitsidwa kupatula nkhalango zaozao pansi pa mafumu, ndipo lamulo la nkhalango la 1942 lidagwira ntchito mpaka 1997. Koma m'zaka za m'ma 1950 malamulo a malimidwe, okakamiza anthu kuunda mizere ndi migula mwa chindapusa ndi ndende, adadetsa nkhani yonse yosamala nthaka ndi mitengo. Anthu adaiona ngati chida cha mtsamunda. Chilonda chimenechi chidakhalitsa, ndipo wofuna kumvetsa chifukwa chake malamulo a makala sagwira mtima wa munthu wa kumudzi ayenera kuyambira pamenepa.

Shire Ayatsa Nyali

Mathithi amene adatsekereza Livingstone ndiwo adasanduka chuma cha dziko. M'chaka cha 1954 akatswiri a kampani ya Halcrow adapereka lipoti la m'mene madzi a Shire angagwiritsidwire ntchito. Chotchinga madzi cha pa Liwonde chidamangidwa mu 1965, ndipo mu 1966 makina a pa Nkula adayamba kupanga magetsi okwana megawati 24. Tedzani adatsatira mu 1973 ndi mu 1977, gawo lachiwiri la Nkula lidayamba mu 1980, ndipo Kapichira adatsegulidwa mu 2000 nakuzidwa mu 2013.

Pano pali chinthu chimene sitichiganizira kawirikawiri. Nkula asanamangidwe, magetsi ambiri a m'mizinda yathu adali kupangidwa ndi makina oyendera malasha ndi dizilo, zonse zochokera kunja. Tsono Malaŵi adasiya kudalira mafuta okumbidwa pansi popanga magetsi kale kwambiri, maiko olemera asanayambe n'kukambako za kusintha kwa nyengo. Sadachite zimenezi chifukwa cha nzeru za chilengedwe ayi, koma chifukwa madzi adali pafupi ndipo malasha adali kutali.

Komabe magetsi amenewa adali a mizinda, mafakitale ndi minda ikuluikulu. Ntchito yofikitsa magetsi kumidzi idayamba mu 1980, koma idayenda mwa kamba, ndipo kawirikawiri idali kuthera pa sitolo, pa chipatala ndi pa nyumba za boma. Anthu adali kuchuluka msanga kuposa nthambo. Kalembera wa 1966 adapeza anthu oposa pang'ono 4 miliyoni. Wa 1987 adapeza pafupifupi 8 miliyoni. Wa 2018 adapeza 17.5 miliyoni. Pa kalembera wotsirizayu, mabanja 11 okha mwa mabanja 100 ndiwo adali kuunikira ndi magetsi, ndipo oposa 90 mwa 100 adali kuphikira nkhuni kapena makala. Anthu a ku Phalula akhala zaka zonsezi ulendo wosakwana tsiku limodzi wa pa njinga kuchokera pa Nkula, koma ambiri a iwo adakalamba ndi koloboyi.

Mafuta Akwera, Boma Libzala Mitengo

M'chaka cha 1973, ndiponso mu 1979, mtengo wa mafuta udakwera pa dziko lonse lapansi. Kwa dziko lopanda doko ngati lathu, zimenezi zidali zowawa kawiri, makamaka pamene nkhondo ya ku Mozambique idatseka njira za ku Beira ndi Nacala m'zaka zoyamba za m'ma 1980. Poyankha vutoli, mu 1982 ku Dwangwa kudatsegulidwa fakitale yopanga ethanol kuchokera ku madzi akuda otsala popanga shuga, ndipo mafutawa adayamba kusakanizidwa ndi petulo. Malaŵi adali mmodzi wa maiko oyamba mu Africa kuchita zimenezi. Fakitale yachiwiri, ya PressCane, idatsegulidwa ku Chikwawa mu 2004.

Koma ethanol adathandiza galimoto, osati mphika. Za mphika boma lidayang'ana ku mitengo. Tsiku lobzala mitengo m'dziko lonse lidakhazikitsidwa mu 1976, ndipo ambiri a ife tikumbukira m'mene ana a sukulu adali kufolera ndi makasu mwezi wa Januwale. M'chaka cha 1980, ndi ngongole ya World Bank, idayamba ntchito yaikulu ya nkhuni. Boma lidatsegula nazale m'maboma, niligulitsa mbande za bulugamu pa mtengo wotsika, poyembekeza kuti mlimi aliyense adzabzala munda wake wa nkhuni.

Pamodzi ndi ntchitoyi padakhazikitsidwa nthambi yofufuza za moto ndi nkhuni, yotchedwa Energy Studies Unit, ndipo tinganene kuti apa mpamene kafukufuku weniweni wa nkhaniyi adayambira m'dziko muno. Zimene ofufuzawo adapeza zidadabwitsa amene adawatuma. Alimi sadali kugula mbande monga momwe boma lidayembekezera, ndipo amene adali kubzala adali kufuna milimo yomangira nyumba ndi yogulitsa, osati nkhuni. Chifukwa chake chidali chosavuta: malinga nkhuni zikupezeka ulele m'tchire, palibe mlimi wanzeru amene angapereke munda wake wa chimanga ku mitengo yoti adzaotche patapita zaka zisanu. Mmodzi wa ofufuzawo, David French, adalemba mu 1986 nkhani imene idatcha kutha kwa mitengo m'Malaŵi vuto losatheka kulithetsa ndi njira zimene zidalipo. Mawu ake adali olimba, koma phunziro lake lidali loona: mlimi sadali mbuli yofuna kuphunzitsidwa ubwino wa mtengo, adali munthu wodziwa kuwerengera phindu ndi kutaya pa kamunda kake kochepa.

Makala Asanduka Ulimi Wachiwiri

Kuyambira mu 1986 anthu othawa nkhondo ku Mozambique adalowa m'dziko muno mwaunyinji, mpaka adaposa miliyoni imodzi. Ena adakhala ku Ntcheu, ena ku Mwanza ndi Neno, kuphatikizapo misasa ya Lisungwi ndi Luwani, osati kutali ndi Phalula. Anthu athu adawalandira bwino, koma tchire ndilo lidalipira. Atabwerera kwao cha m'ma 1994, ulamuliro wa dziko lino udasinthanso, ndipo mantha amene adali kusunga nkhalango zambiri adachoka. Ena adamva ufulu ngati chilolezo cha nkhwangwa.

Sitiyenera kuiwala kuti m'zaka zomwezo mizinda idakula, kwacha idagwa mphamvu, ndipo feteleza adakwera mtengo. Dera la Phalula ndi la mvula yochepa. Chimanga chikanika kawirikawiri, ndipo thonje, limene lidali ndalama ya anthu a ku Balaka, silidali kulipira bwino chaka chilichonse. Koma tsanya, mtengo wolimba wa m'chigwamo, apereka makala olemera amene amayi a m'tauni awakonda, ndipo msewu wa ku Blantyre uli pakhomo. Tsono makala adasanduka ulimi wachiwiri, umene sulira mvula kapena feteleza. Milambe idatsala chiimire chifukwa thunthu lake ndi lofewa, losapereka makala.

Lamulo la nkhalango la 1997 lidanena kuti wootcha makala akhale ndi chilolezo, ndipo mitengo yake ichokere ku nkhalango yosamalidwa bwino. Koma kwa zaka zambiri zilolezo zotere sizidali kuperekedwa, kotero malonda onse adali osaloledwa, ngakhale adali kuchitika masana. M'chaka cha 2007 Patrick Kambewa ndi anzake adafalitsa kafukufuku wa malonda a makala m'mizinda inayi: Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi Zomba. Adapeza kuti mizindayi idali kudya matumba oposa 6 miliyoni pa chaka, kuti malondawa adali kudyetsa anthu pafupifupi 93,000, ndi kuti adali kuwononga nkhalango yokwana mahekitala 15,000 chaka chilichonse. Adaonanso kuti gawo lina la mtengo wa thumba lidali kuthera m'ziphuphu za pa njira. Leo Zulu, polemba mu 2010, adasonyeza kuti kuletsa makala popanda kupatsa anthu a m'tauni china chophikira sikudachepetse malondawo. Kudangowabisa, kudamana boma msonkho, ndipo kudasiya wootcha wosauka alibe chitetezo.

Ofufuzawa adaunikiranso chinthu china chimene chitsutsa maganizo a ambiri: nyumba zokhala ndi magetsi nazonso ziphikira makala, chifukwa magetsi azima kawirikawiri, mbaula ya magetsi ndi yodula, ndipo nyemba zidya moto wa maola ambiri. Motero moto wa m'khichini ya ku Blantyre uyakira pa mitengo ya ku Neno, Mwanza ndi Balaka. Ndipo tchire likatha, mvula ikokolola dothi, mitsinje ngati Rivirivi ndi Lisungwi ilitengera mu Shire, matope ndi namasupuni zitseka malo opangira magetsi, magetsi achepa, ndipo wa m'tauni agulanso thumba lina. Ndi unyolo wozungulira, umene mphete iliyonse ikoka inzake.

Pafupi ndi Phalula, ku Kam'mwamba m'boma la Neno, kudayesedwa njira ina kuyambira mu 1996. Bungwe losamala zachilengedwe la Wildlife Society of Malaŵi, mothandizidwa ndi dziko la Germany, lidalimbikitsa midzi kupeza ndalama m'nkhalango popanda kuidula: kupanga chakumwa cha malambe ndi bwemba, kuweta nkhanga ndi kusunga njuchi. Ntchitoyi idasonyeza kuti mtengo wamoyo ungathe kulipira. Koma idasonyezanso kuti phindu lotere lifika kwa ochepa ndiponso mochedwa, pamene thumba la makala lipereka ndalama lero. Paja akulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Mbaula ya Dothi ndi Mapesi a Nandolo

Ataona kuti kubzala mitengo kokha sikukwanira, ofufuza ndi mabungwe adatembenukira ku mafuwa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, ku Mulanje kudakonzedwa mbaula yadothi yotchedwa chitetezo. Iumbidwa ndi amayi a m'mudzi momwemo, ndi dongo la pomwepo, iotchedwa m'ng'anjo, ndipo ikagwiritsidwa bwino ntchito ipulumutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a nkhuni. Boma la Balaka lidakhala limodzi la malo amene mbaulayi idafalikira kwambiri, makamaka mwa ntchito ya bungwe la Concern Universal. Kumeneko adaiphatikiza ndi ulimi wa nandolo: banja lidya ndi kugulitsa nandolo, mizu yake ibwezera chonde m'nthaka, ndipo mapesi ake ouma ayaka bwino mu mbaula yaing'onoyo. Ofufuza a bungwe la ICRISAT adadza ku Balaka kudzayesa njira imeneyi pakati pa mabanja a alimi. Nzeru yake njosiyana ndi ya 1980: m'malo mouza mlimi kuti asankhe pakati pa chakudya ndi nkhuni, impatsa zonse ziwiri m'munda umodzi. M'chaka cha 2013 boma la Joyce Banda lidalonjeza kufalitsa mbaula zosawononga nkhuni 2 miliyoni pofika 2020, ndipo chiwerengerocho chidalengezedwa kuti chakwana m'chaka chomwecho cha 2020.

Komabe kafukufuku woona sasekerera ntchito chifukwa choti njabwino. Ambiri adali kukhulupirira kuti mbaula zochepetsa utsi zidzachepetsanso chibayo pakati pa ana. Madokotala otsogozedwa ndi Kevin Mortimer adayesa zimenezi ku Chikwawa ndi ku Karonga pa ana oposa 10,000, pogawa mbaula zamakono zokhala ndi kachipangizo kopemerera moto. Zotsatira zake, zimene zidatuluka chakumapeto kwa 2016, zidasonyeza kuti chibayo sichidachepe. Mbaulazo zidali kuonongeka kawirikawiri, mabanja adali kubwerera ku mafuwa, ndipo mwana adali kupumabe utsi wa kwina. Chimene chidachepa ndi kupsa kwa ana ndi moto. Tiphunzira apa kuti chida chogwira bwino ntchito m'chipinda cha akatswiri sichichita chimodzimodzi m'khichini ya udzu.

M'zaka zomwezo kudabuka chiyembekezo china, cha nsatsimanga. Kudamveka kuti chitsamba chimenechi chimera paliponse, ndipo mafuta a njere zake adzalowa m'malo mwa dizilo ndi palafini. Alimi ambiri adachibzala m'malire mwa minda. Koma pa nthaka youma ndi yoguga zokolola zidali zochepa, ndipo mtengo wa njere sudafanane ndi thukuta. Chidali chikomekome cha mkuyu.

Dzuwa, ndi Funso la Mwini Wake

Dzuwa la ku Phalula palibe amene angalikane. Nanga bwanji silidaunikire midzi kalekale? M'zaka za m'ma 2000 boma lidamanga m'midzi isanu ndi umodzi makina ophatikiza mphamvu ya dzuwa ndi ya mphepo. Sipadapite zaka zambiri, makinawo adaleka kugwira ntchito. Mabungwe ndi mipingo adaikanso masola pa sukulu ndi pa zipatala zambiri, ndipo ambiri a ife tidaonapo mapanelo ali padenga, nyali zili zii.

Aphunzitsi a University of Strathclyde ya ku Scotland, pogwirizana ndi a Polytechnic ku Blantyre ndi a Mzuzu University, adayamba kufufuza chifukwa chake, makamaka pa ntchito ya MREAP ya pakati pa 2012 ndi 2015. Adayendera malo amene masola adaikidwa kale, napeza kuti vuto silidali dzuwa, kapenanso mapanelo. Batire ikhala zaka zowerengeka. Ikafa pafunika ndalama yogulira ina. Koma m'malo ambiri mudalibe thumba la ndalama, mudalibe mmisiri wapafupi, ndipo makomiti osankhidwa pa tsiku la mwambo adali atabalalika. Makina ena adali ochepa mphamvu poyerekeza ndi ntchito imene adapatsidwa. Wopereka mphatso adali atapita, ndipo wolandira sadadziwe kuti mphatsoyo idzafuna kudyetsedwa.

Kuchokera pa phunziro limeneli kudabadwa njira yatsopano. Ku Bondo, m'munsi mwa phiri la Mulanje, madzi a mtsinje wa Lichenya apanga magetsi amene kampani ya MEGA igulitsa kwa anthu a m'midzi. Ku Sitolo m'boma la Mchinji, bungwe la Community Energy Malaŵi lidamanga malo a mphamvu ya dzuwa okwana kilowati 80. Ku Mthembanji m'boma la Dedza, mu 2020, ntchito ya EASE idayatsa magetsi a kilowati 12 kwa mabanja ndi amalonda 60, aliyense ndi mita yake yolipiriratu; ndipo ntchito yomweyo idafikanso m'boma la Balaka. Ofufuza adatsata ziwerengero za ku Mthembanji mwezi ndi mwezi, napeza kuti anthu a kumudzi adali kulipira, ngakhale mtengo wake udaposa wa magetsi a ESCOM, ndipo ofuna kulumikizidwa adachuluka kuposa mphamvu ya makinawo. Izi zidagwetsa bodza lakale lakuti wosauka sangalipire magetsi. Adali kulipira kale, pa makandulo, mabatire a tochi ndi ulendo wokatchajitsa foni. Koma zibutsa funso la chilungamo: chifukwa ninji wa kumudzi alipire zambiri pa kuwala kumene wa m'tauni akupeza motsika? Ndiponso magetsi ang'onoang'ono otere ayatsa nyali, wailesi ndi firiji ya m'sitolo, koma nsima iphikidwabe pa nkhuni.

Nthambo Zazikulu za pa Phombeya

Pamene zimenezi zidali kuyesedwa kumidzi, Shire adatikumbutsa mbiri yake. Pakati pa 2015 ndi 2017 mvula idachepa, nyanja idatsika, ndipo magetsi adali kuzima maola ambiri pa tsiku. M'chaka cha 2018 dziko lidabwereka makina a dizilo pa mtengo wokwera, ndipo lidawagwiritsa ntchito mpaka 2022. Mu Januwale 2022 namondwe Ana adaononga Kapichira, nachotsa megawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Chilala ndi chigumula, zonse ziwiri zidasonyeza kuopsa kwa kudalira mtsinje umodzi.

Mayankho ake ambiri akumana m'dera la Phalula. Ndi thandizo la dziko la America la madola 350 miliyoni, pakati pa 2013 ndi 2018 padamangidwa malo ogawira magetsi a pa Phombeya ndi nthambo ya makilovoti 400 yopita ku Nkhoma, mtunda wa makilomita 173. M'chaka cha 2022 Lazarus Chakwera ndi Filipe Nyusi adakhazikitsa pomwepo ntchito ya nthambo ina, ya makilomita 218, yochokera ku Matambo m'chigawo cha Tete. Ku Salima minda ya masola ya megawati 60 idayamba kugwira ntchito mu 2021, ndipo ku Golomoti ya megawati 20, yokhala ndi mabatire osungira mphamvu, mu 2022. Kudalinso maganizo omanga malo opangira magetsi a malasha okwana megawati 300 ku Kam'mwamba, pafupi ndi njanji ya ku Moatize, pa malo omwe aja amene anthu adayesa kusunga nkhalango ndi malambe. Koma pofika 2024 adali asanamangidwe.

Zonsezi nzofunika, ndipo sitizichepetsa. Koma mphamvu ya makilovoti 400 singatsikire m'nyumba ya udzu ili pansi pake. Pafunika thiransifoma, mitengo, nthambo zing'onozing'ono, ndi ndalama yolumikizira imene banja lilibe. Pakati pa nsanja yachitsulo ndi mafuwa atatu pali mtunda wa mamita ochepa, koma mbiri yonse imene tafotokozayi yalephera kuudutsa.

Mawu Omaliza

Tikaunjika pamodzi zimene ofufuza adapeza kuyambira 1980, tiona mfundo zitatu. Yoyamba: munthu wa kumudzi achita zinthu ndi chifukwa. Adakana mbande, adalandira nandolo, adasiya nsatsimanga, adalipira magetsi a dzuwa, ndipo pa zonsezi adawerengera bwino. Ntchito imene idayamba ndi kumfunsa idakhalitsa. Imene idayamba ndi kumlalikira idafota. Yachiwiri: chida chopanda mwini, chopanda thumba la ndalama ndi mmisiri, n'chakufa kale ngakhale chikali chatsopano. Yachitatu: kuunikira ndi kuphika ndi mavuto awiri osiyana, ndipo lachiwirilo ndilo lidya nkhalango.

Kwa ife amene tikonzekera kutumikira anthu, kapena tikuwatumikira kale, mfundozi zili ndi ntchito. Kalata ya Papa Fransisko ya 2015, Laudato Si', idagwirizanitsa chisamaliro cha chilengedwe ndi chilungamo kwa osauka, ndipo pa Phalula ziwirizi sizilekanitsika. N'chapafupi kudzudzula wootcha makala. Koma tisanatero tifunse kuti thumba lake lithera m'khichini ya yani. Lamulo la nkhalango lidakhwimitsidwa mu 2020, ndipo zilango zidakula, koma chilango sichiphika nsima m'tauni, sichiguliranso mwana wa ku Phalula yunifolomu. Tiyeni tiwerenge nkhuni zimene nyumba zathu zitentha pa chaka, ndi kudziwa kumene zichokera. Malo a misiyoni, amene m'madera ena ndiwo okha atsala ndi mitengo, angathe kudzipezera nkhuni zao. Mbaula zazikulu zosawononga nkhuni zilipo za masukulu ndi zipatala. Ndipo mlendo wachifundo akatipatsa masola, tisaombe m'manja tisanafunse kuti batire yachiwiri adzagula ndani, pakuti walira mvula walira matope.

Miphakati ndi mabungwe a m'maparishi adziwa kale kusonkha ndalama, kusunga mabuku ndi kusankha atsogoleri oyankha kwa anzao. Zimenezi ndizo zidasowa m'ntchito zambiri zimene zidagwa. Pa zaka zoposa 160 chidutsire Ma Robert pa Shire, anthu a m'chigwa ichi akhala akudula mitengo yoyatsira moto wa ena: wa sitima, wa mizinda, wa makhichini athu. Tsanya akatha sipadzakhala china chodula, ndipo wansembe amene adzatumidwe ku dera limeneli m'zaka zikudzazi adzapeza funsoli likumdikira pa khomo la tchalitchi.